Foni inati mdzukulu wanga ndi mtolo wa zovala

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Chiwanga, kufupi ndi Metangula. Matenda a shuga anandilanda maso, moti kalatayi akundilembera ndi mnzanga wa m'kwaya. Mwana wanga Octávio atabwera ku tchuthi anandiikira kanthu pafoni konena m'Chipwitikizi zimene zili pachithunzi. Poyamba ndinakondwa. Lero ndatopa nako.

Usipa wa amuna anga uli pathandala, foni ikuti "misomali yambiri patebulo". Bwato ikuti chipika. Anzanga a kumpingo ikungoti "anthu ataima panja", basi. Anthu ake ati? Zii.

Zinafika poipa mwezi wathawu. Mwana wanga wamkazi Arlete, amene amakhala ku Lichinga, anali woyembekezera. Tsiku lina ananditumizira chithunzi chopanda mawu. Foni inati, "Munthu wanyamula mtolo wa zovala." Ine ndinamujambulira mawu omukalipira: "Iwe, ukuchapa wekha uli chonchi? Mwamuna wako ali kuti?" Aphungu, mtolowo anali mdzukulu wanga woyamba, atamukulunga m'chitenje cha kapulana! Arlete anandiimbira akulira: "Amayi, ine ndachira, inu mukundiuza za zochapa?" Nditafotokoza, anati ndikanafunsa kaye. Mtima unandipsa, ndinamuuza kuti mwana wanzeru satumizira chithunzi mayi wosaona. Anadula foni. Mpaka lero sitinalankhulane, ndipo ubatizo wayandikira.

Kunyumba nakonso ndi chimodzimodzi. Ndikafunsa kuti pachithunzi pali chiyani, amuna anga a Basil amangoti, "Funsani foni yanuyo, si ija imadziwa zonse?" Kodi ndiiponye m'nyanja?

R.S., Chiwanga

Amayi R.S.,

Musaiponye, nsomba sizinakulakwireni. Koma dziwani kuti foniyo siona ayi. Imangoyerekeza potengera zithunzi zimene anaiphunzitsira, ndipo ndikukayika ngati amene anaiphunzitsawo anaonapo thandala la usipa. Imathandiza kukuuzani kuti apa pali munthu, apa pali madzi. Kupitirira apo ndi zam'mutu mwake, ndipo ikanama sichita manyazi.

Arlete analakwitsa, musakaike. Koma mayi woti wangochira kumene, chisangalalo chili m'khosi, saganiza zonse. Iye ankadikira nthungululu zanu, inu n'kumupatsa mawu obaya. Ndiye muimbireni ndinu, lero lomwe. Mlandu wa chithunzi muusiye. Mufunseni dzina la mwana, ngati akuyamwa bwino, ngati iye mwini akugona. Kenaka pezani wokuperekezani, mukwere shapa, minibasi ya ku Lichinga, ubatizo usanafike. Khanda amalidziwa ndi manja ndi mphuno, apo palibe angakuposeni.

Zikazizira, ikani lamulo m'banja: wotumiza chithunzi azijambulanso mawu, anene kuti ndani, ali kuti, akutani. Wochita ulesi musamuyankhe, adzaphunzira msanga. Octávio ndiye alengeze lamuloli, poti kanthuko anabwera nako ndi iye. A Basil auzeni mosapita m'mbali kuti kutchalitchi munalumbira ndi iwo, osati ndi foni. Kukufotokozerani chithunzi sikungawathyole msana.

Pomaliza ndikuchenjezeni kolimba: mankhwala anu a shuga isakuwerengereni foni. Funsani namwino kapena munthu amene mumamukhulupirira. Mkangano ndi mwana umatha ndi pepani, koma piritsi lolakwika likatsika kukhosi silimva pepani.