Magalasi Anu Anali a Pawindo

Amayi, kodi mwadzuka bwanji uko muliko? Ndine Zuze, mwana wanu woyamba. Amati ndadutsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo maondo akuvomereza.

Kuno ku Kavalamanja tilipo. Mkazi wa Luwizi, mdzukulu wanu, wabereka mtsikana, tamutcha dzina lanu. Njovu zinalowa m'dimba, zinatisiyira maungu okha. Masau abereka bwino. Koma si zimenezi zandikhazika pansi, Amayi. Mtima sunakhazikike mpaka lero.

Mukukumbukira magalasi anu a felemu yakuda ya pulasitiki? Aja ndinakugulirani kwa wamalonda wa pabwato, maso anu atayamba chifunga. Tsiku lija munawavala, munayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ee, mwanangu, dziko lachapidwa." Mutatisiya ndinawasunga m'sutukesi. Maso anga atayambanso chifunga ndinawavala, koma sindinaone kusintha. Ndinati kaya, anga ndi oipa kuposa a Amayi.

Mwezi watha anthu a maso anabwera ku Boma. Anandiyeza, nati andidulira magalasi atsopano. Ine ndinati felemu ina sindifuna, muike mu iyi ya amayi anga. Bambo wina wandevu anaitenga n'kuikwirira mu mchere wotentha, m'kachitini, monga munkakazingira nshawa mu mchenga. Ndinaimirira! Ndinati, "Iwe, ukundiphikira amayi?"

Anaseka. "Khalani pansi, atate. Pulasitiki yakale ndi youma, mukaikakamiza yozizira imathyoka. Ifewe kaye."

Inafewadi. Anakankha ndi zala zazikulu, akale anatuluka, atsopano analowa, thwa! Kenako anaika limodzi la akale aja pa kamakina kake. Anasuzumira. Anasuzumiranso. Kuseka kunatha.

"Atate, ankavala awa ndani?"

Ndinati amayi, mpaka tsiku lomwe anagona.

"Awa alibe mphamvu iliyonse. Ndi galasi wamba, ngati la pawindo."

Amayi! Ndiye kuti zaka zonse zija simunkaona? Munkandiuza kuti, "Lankhula uli pakhomo, munthu salowa ngati mbuzi." Ine ndinkati ndi mwambo, osadziwa kuti mukufuna mawu kuti muzindikire walowa ndani. Singano munaisiya, munati ulusi wa masiku ano ndi waulesi. Ndipo pamene anthu ankanena kuti ku Katondwe kwabwera madokotala ochotsa chifunga m'maso, ine ndinayankha pamaso panu kuti, "Amayi ali nawo kale magalasi." Inu munangogwedeza mutu, n'kuwakankhira bwino pamphuno. Munaopa kuti ndichita manyazi ndi mphatso yanga? Amayi, manyazi a tsiku limodzi ndikanawasenza.

Felemu yanu ili pankhope panga tsopano. Ndikuona mabwato mpaka kutsidya kwa Zambezi. Ndaonanso zipsera za mano anu pa mwendo wa felemuyi, pamene munkatafuna mukakhala chete.

Mlongo wanga Maliya naye amati akuona bwino, koma dzulo anapatsa moni mtengo wa papaya. Ndikulonjeza, anthu a maso akabweranso ndimukweza panjinga, afune asafune. "Ndikuona bwino" ya m'banja lino sindiikhulupiriranso.

Mundiyankhe, Amayi, ngakhale kutulo. Ndiuzeni chimodzi chokha: nkhope yanga munaiona liti komaliza?

Ndine wanu wokukondani,
Zuze