Malo Awiri ku Kassel

Lachitatu, 5 June

Mazvita 12:41
sisi ndalakwanso German ija. ndalemba ich warte auf dem Arzt, teacher wazunguliza ndi red

Sekai 12:44
auf DEN. warten auf imatenga accusative basi

Mazvita 12:45
koma munati accusative ndi pamene munthu akuyenda. wodikira dokotala amayenda??

Sekai 12:46
lamulo lija ndi la malo. in die Küche ukupita, in der Küche wafika. izi zinazi ungoloweza

Mazvita 12:48
chizungu chili ndi the mmodzi anthu akukhala bwinobwino. awa der den dem des ngati mapiritsi a mmawa

Sekai 12:49
kkkk bwera ukaweruka ku ward. ine ndili pakhomo, notice yanga inatha friday

Mazvita 12:50
mwasiyadi ntchito mayeso tisanalembe?

Sekai 12:53
zaka 16 unamwino wa pa Mutare wandikwana. malo athu awiri ku nyumba ya okalamba ku Kassel, Germany, akudikira mayeso a B2 okha. ana ndawauza kale

Loweruka, 22 June

Mazvita 16:20
muli kuti? ndatuluka mmayeso, ndili pa gate. oral ndinanena mit der Arzt kawiri mmalo mwa dem, mayi woyesa uja anangolemba osandiyang'ana

Sekai 16:31
ndakwera kale bus. kalata ya mu writing ija nthawi inandithera ndili pakati
ndimangofufuta ma ending

Mazvita 16:32
inu simungalephere. class yonse imakopera kwa inu

Lolemba, 22 July

Mazvita 09:06
zatuluka, onani email
sisi ndakhoza. writing 61, pass mark ndi 60

Mazvita 09:30
sisi?

Mazvita 11:15
[missed call]

Mazvita 14:02
ndamva kwa teacher. writing mwapeza 57. pepani, sindikudziwa ndinene chani

Lachinayi, 25 July

Mazvita 10:18
[voice note 1:52]

Mazvita 10:25
mwina simutsegula. ndimati ndalembera agent wotipezera ntchito uja kuti akusungireni malo mpaka mubwereze writing mu Oct. wayankha kuti nyumba ya okalamba ija siingadikire, apereka kwa wina wa ku Gweru

Mazvita 17:40
ndinafika kwanu. mwana wanu Tino anati mwagona. nsapato zanu zoyendera sizinali pakhomo, nde kaya

Lachiwiri, 13 August

Sekai 07:12
ndinapita kukapempha ntchito yanga. matron akuti analemba kale wina

Mazvita 07:13
sisi mwayankha. ndibwere?

Sekai 07:20
ayi

Mazvita 07:21
dative yonse munandiphunzitsa ndinu pa khonde panu. ndikuona ngati ndakuberani

Sekai 07:44
sunabe kanthu. koma sindingathe kukusangalalira pano, ndipo sindifuna undione ndikuyesa

Lachisanu, 6 September

Mazvita 08:05
visa yatuluka. ndinyamuka pa 19. kukhala tiyi kwa amayi sunday, mubwere plz olo 10 mins

Lachinayi, 19 September

Mazvita 11:37
ndili pa airport Harare. mpando wanu sunday unakhala wopanda munthu mpaka anthu kubalalika

Mazvita 11:52
amayi andipatsa jumbo akuti Tino anabweretsa dzulo. jekete lija munagulira winter

Mazvita 11:53
likadali ndi pepala la mtengo sisi

Mazvita 12:26
akutiitana. ndizimitsa foni

Sekai 12:58
manja ake ndi aatali kwa iwe. upinde