Madzi Osefedwa a pa Thawale la Kamvuu

Mudzi wa Chilongozi,
Dera la Nsefu,
Mambwe.
23 Okutobala 1995.

Kwa Olemekezeka Akulu Anga a Onesmus Chulu,
Mesenjala pa sukulu yaikulu, Lusaka.

NKHANI: KUULULA CHOLAKWA PA NTCHITO YA MABOTOLO

Akulu anga, ndikupereka moni mwaulemu kwa inu, kwa alamu ndi kwa ana onse. Muli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino pang'ono, ngakhale dzuwa lanyanya ndipo njovu zikubwera mpaka pa zitsime za mumchenga. Mkazi wanga Felister wachira malungo aja.

Ndikulemba ngati munthu wa pa ntchito, popeza ndinu amene munandiimirira kwa madamu Ennie kuti ndine wokhulupirika.

Monga mukudziwa, madamu akufufuza tizamoyo ta m'madzi tosaoneka ndi maso, tomwe amati pulankitoni. Anandiuza kuti ndi chakudya cha tiana ta nsomba. Funso lawo ndi lakuti, anthu akamatsuka mipope ya mankhwala a thonje pa thawale, tizamoyoto timafa kapena timazolowera?

M'mwezi wa Meyi anandisiyira mabotolo ndi lamulo ili: Lolemba lililonse, sikisi koloko m'mawa, nditunge botolo limodzi pa thawale lathu la Kamvuu lomwe lili pakati pa minda, lina pa thawale la kutchire kumene kulibe minda, ndidonthezeremo mankhwala osungira, ndilembe tsiku. Sindinaphonye Lolemba ngakhale limodzi.

Tsopano ndifike pa cholakwa.

Madzi a kutchire anali oyera. Koma athu a pa Kamvuu mukuwadziwa. Mvuu zimavundula, amayi amachapa, ndipo m'botolo ankaoneka obiriwira ngati ndulu. Ndinachita manyazi kuti mayi wophunzira atenge madzi oterowo kupita nawo ku Lusaka, anzake aone zimene a Chulu amamwa. Choncho ndinauza Felister kuti azisefa pa chitenje chopinda kanayi, monga timachitira kukabwera mlendo. Iye anafunsa ngati madamu analamula zimenezi. Ndinamuyankha kuti ntchito ya ofesi saidziwa, asefe basi. Mlandu si wake.

Mabotolo onse a pa Kamvuu, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, anapita osefedwa. A kutchire sindinawakhudze.

Pa 14 mwezi uno madamu anabwera okha. Anapeza Kamvuu waphwa, kwangotsala matope ong'ambika, ndiye tinapita kutchire. Kumeneko anatulutsa kaukonde kosalala ngati nsalu, nathiramo ndowa khumi za madzi. Madziwo anawasiya atayike pansi. Zotsalira pa kaukonde ndizo anakokolola mosamala kuika m'botolo. Anandiseka kuti bwanji a Chulu mwauma ngati mwaona mkango, gwirani ndowa. Akulu anga, pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti chimene ankafuna ndi chomwe Felister ankakutumula pa chitenje chija kuseri kwa nkhokwe.

Ndinangogwira ndowa ija, cholakwa changa osachiulula.

Mawa lake kunali msonkhano pa sukulu. Madamu anauza anthu, nkhope ili yachisoni, kuti m'mabotolo a kutchire tizamoyo tadzaza, koma m'mabotolo a pa Kamvuu munalibe pafupifupi chilichonse. Anati ankayembekeza kupeza tina tozolowera mankhwala, koma zikuoneka kuti thawalelo lafa. Ofesala wa zaulimi anati lipoti likangofika, minda yonse ya thonje yozungulira Kamvuu itsekedwa chaka chino. Pamapeto madamu anandiimiritsa pamaso pa anthu nati ntchito yanga inali yaukhondo kuposa ya ana asukulu awo. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaima ndi kulandira.

Mwa minda imeneyo muli wa mlongo wathu Jacinta. Chimwalirireni amuna ake, thonje la m'munda umenewo ndilo lasunga ana ake asanu. Malo ena alibe, ndipo mvula yatsala masabata ochepa.

Sindikunena kuti thawale lathu ndi labwino. Mipope timatsukiramo zoona, inenso ndimatsuka. Mwina tizamoyoto tinafadi, mwina tinazolowera. Chimene ndikunena ndi chakuti palibe akudziwa, chifukwa umboni ndinauononga ine.

Pempho langa ndi ili. Madamu anati lipoti alimaliza pa 31. Chonde tengani kalata ino ndi manja anu mukawapatse lisanatumizidwe. Musakonze mawu, awerenge momwe ilili. Ndikudziwa kuti dzina lanunso lidetsedwa pa ntchito chifukwa munandiimirira, ndipo pa ichi ndikugwada. Akandichotsa, ndavomera. Akalola, mvula ikadzaza Kamvuu ndidzatunganso, matope ndi zonse, iwo ataima pomwepo.

Dzulo Jacinta anabwera kunyumba. Sanakalipe. Anati popeza ine ndimayenda ndi anthu ophunzirawa, ndimuuze zoona, asose munda kapena asavutike. Ndinamukhazika pansi ndi kumuuza zonse za chitenje, Felister ali pomwepo. Nditamaliza, anafunsa ngati inu mudzapitadi nayo kalatayi. Ndinati mudzapita.

Lero m'mawa wapita kukasosa, ndi ana onse asanu.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, komanso kwa madamu ngati angaulandire.

Zonse zalembedwa pamwambazi ndi zoona, sindinaonjeze kapena kubisa kanthu, ndipo ndili wokonzeka kuzibwereza pamaso pa aliyense amene angandiitane.

Ine mng'ono wanu,
Jairos Alvin Chulu,
Wotunga madzi a kafukufuku, Nsefu.