Belu la Kwawo kwa a Harold

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kuno ku Dubai kukutentha, koma ntchito ikuyenda.

Ndikusamalira mkulu wina wa ku Mangalande, a Harold. Mwana wawo anagulitsa famu ya makolo n'kudzawatsekera m'fulati muno ku Discovery Gardens. Tsiku lonse amangokamba za kumudzi kwawo: nkhosa, tirigu, ndi tchalitchi cha miyala chomwe azigogo awo onse anagona m'mbali mwake. Akuti kumeneko munthu akamwalira ankaliza belu, alimi n'kuvula zipewa m'minda. Pano tchalitchicho anakhoma, ndipo woliza beluyo anapita popanda womulizira.

Dzulo atamva kuitana kwa kumzikiti anandifunsa kuti, "Matildah, wamwalira ndani kwathu?" Sakudziwa kuti mwana wawo anagamula kale. Akadzamwalira, mtembo adzawotcha konkuno, khalas, monga amanenera Aluya kuno nkhani ikatha.

Chifuwa changa chija sichinathe. Adokotala andiitananso, koma zimenezo tidzakamba. Mwana wanga Lilly musamuuze, alembe kaye mayeso.

Ndamva kuti kumanda kwathu malo akuchepa. Pambali pa amayi paja, amalume, musapatse munthu.

Ndine mwana wanu,
Matildah