Amayi Anenepa pa Tivi, Abambo Akuwakana

Dzukani pamipando, walowa katswiri. Ine ndi uja ndinakhala mu Sitandade 4 zaka zingapo, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma aphunzitsi sankafuna kusiyana nane. Mumzere wa nyumba zathu mulibe tivi imene imayaka isanandipatse moni. Khalani pansi tsopano, timve kalata ya lero.

Agogo,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo. Amayi anga anatisiya chaka chatha. Zojambulidwa sankazifuna, ukangowaloza ndi foni ankabisa nkhope ndi mbale. Chimene tatsala nacho ndi kavidiyo kamodzi: akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, akukalipira nkhuku, kenako akutembenuka n'kuseka.

Abambo maso akupita. Adokotala atiuza mosabisa kuti chifunga akuchionachi chizingokulirakulira. Pa foni saona kanthu, amangomva mawu, ndiye ndinati ndiwaonetse pa tivi. Tinaika pa fulashi, koma vidiyo inatuluka yowonda ngati nsungwi, uku mdima uku mdima, poti wojambulayo anachita kuimika foni. Achimwene anga, amene sagonja pa chilichonse, analanda rimoti n'kudina mpaka chithunzi chinadzaza galasi lonse. Agogo, amayi anali ochepa thupi, koma apa anafufuma ngati thumba la thonje, nkhope yonse timabokosi tokhatokha. Abambo anasendeza mpando, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Uyu si mkazi wanga. Zimitsani." Achimwene anadinanso, mutu wa amayi unadukira pamwamba, inangotsala nkhuku.

Vidiyoyi inandipeza itadutsa m'mafoni ambiri. Anajambula ndi alamu anga, mkazi wa achimwenewo, koma banja linatha moipa ndipo kwathu dzina lawo silitchulidwa. Achimwene akuti, "Ukakapondako kumeneko, usadzanditchulenso achimwene."

Ine sindisiya mpaka abambo aone nkhope ya mkazi wawo. Ndiyambire pati?

E.N., Kuseri kwa msika

Mdzukulu wanga E.N.,

Yambirani pa rimoti. Ilandeni kwa achimwene anuwo, muibise m'kabati ya singano. Inu ndinu telala: munthu akabwera ndi kansalu kochepa, zenera lili lalikulu, mumakakoka? Mukakoka, maluwa a pansalu amasanduka maungu. Vidiyonso ndi choncho. Mdima wa m'mbaliwo si matenda, ndi malo otsala basi. Pa rimoti pali batani losintha kukula kwa chithunzi. Lidineni mpaka amayi abwerere m'thupi lawo, pomwepo chotsani chala. Bola amayi enieni pakati pa mdima kusiyana ndi mlendo wonenepa wodzaza nyumba.

Koma timabokosi ta pankhope sitimva rimoti. Vidiyo ikamayenda foni ndi foni imafinyidwa kuti ipepuke. Ili ngati sopo wobwereka: nyumba iliyonse asambirako, pobwera ndi kachibenthu. Chimene chachoka chachoka. Wina akakulonjezani kuti makina ake abweza nkhope yonse, dziwani kuti akupatsani nkhope yongoganizira. Mumufunse ngati amabwezanso mano, ine ndikhale woyamba pamzere.

Ndiye mankhwala ali m'foni ya alamu anu, mmene muli vidiyo yosafinyidwa. Tengani fulashi ndi chingwe cha foni, mupite ndi alamuwo kwa wa kompyuta, aitenge m'fonimo mwachindunji. Ngati sangayende nanu, aitumize ngati fayilo, osati ngati vidiyo wamba ya macheza. Tivi ikaikana, wa kompyutayo asinthe mtundu wa fayilo ukhale MP4, koma asachepetse, asadule, asakoke. Muime kumbuyo kwake ngati kapitawo. Anthu amenewa amakonda kuthiramo nyimbo ndi timaluwa touluka. Kanani. Abambo anu akufuna kumva nkhuku ikukalipiridwa.

Tsiku loonetsa muyese kaye nokha. Kenako tsekani makatani, sendezani mpando pomwe maso awo akufika, ndipo amayi akangotembenuka kuti aseke, imitsani chithunzi. Inu tulukani, mukatunge madzi ngakhale ndowa zili zodzaza.

Za achimwene anu musade nazo nkhawa. Banja linatha ndi lawo, maso akutha ndi a bambo anu. Mkwiyo wawo udikira, chifunga sichidikira. Mukafika kwa alamu musafukule milandu, mungoti, "Mlamu, ndabwera chifukwa cha maso a abambo." Mkazi amene anaimika foni kujambula apongozi ake akuseka sanali mdani wawo. Inenso ndinakhalapo zaka osalankhulana ndi mlamu wanga. Tsiku limene ndinapita kukapempha chithunzi cha malemu mlongo wanga, anandipatsa mpando, tiyi wamkaka, tinalira limodzi ngati ana.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire mwezi uthe. Mafoni amagwera m'ndowa, amabedwa, amadzaza eni ake n'kufufuta zakale. Ndipo mukaipeza vidiyoyo muisunge malo awiri, yoyambayo munthu asaisinthe kalikonse.

Pepani, za mpando ndi tiyi zija ndathira mchere. Mlamu wanga anandimasulira galu, theka la buluku langa linatsala pampanda. Koma chithunzi cha mlongo wanga chili pakhoma panga mpaka lero. Valani nsapato zothamangira, mupite.

Agogo anu