Masipika a Mkamwini Kumbuyo kwa Mpando Wanga

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Nkando tilipo. Nandolo wachita bwino chaka chino, ndipo Esnati, mdzukulu wanga, wabereka mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, kaya adzakwatiwa.

Koma lero ndalemba mtima ukuwira. Mkamwini wanga, bambo a Esnati, anabwera kuchokera ku Joni ndi kanema wamkulu ngati chitseko ndi masipika atatu. Anaziika pabalaza panga. Kenaka akuti pakusowa awiri a kumbuyo, kuti mawu azimuzungulira munthu. Sabata yathunthu, munda uli tchire, iye ali kalikiliki kuyeza khoma ndi chingwe, kusinkhasinkha ngati agule aatali oimika pansi kapena timabokosi topachika. Oimika anawakana, akuti ana angagwetse. Anasankha topachika, nakhoma misomali pakhoma langa, pamwamba penipeni pa mpando wanga, pamalo paja munkakhala inu muli moyo. Kundifunsa? Ayi ndithu.

Lamlungu masana anaitana anzake a ku Chonde, naika filimu ya nkhondo. Ine ndili pampando, ndikusola nandolo. Mwadzidzidzi mfuti zinalira kuseri kwa khutu langa. Amayi, ndinadziponya pansi chafufumimba, lichero uko, mpango uko. Si inu munatiphunzitsa tikuthawa nkhondo kwathu ku Milanje, kutsidya kwa malire? "Ikalira kumbuyo usacheuke, kumbatira dothi." Mutu wachita imvi koma thupi silinaiwale.

Anaseka, Amayi. Amuna a ndevu zawo, kugwira nthiti. Mkamwini mpaka misozi, akuti apa ndiye watsimikiza kuti anagula enieni. Anthu obadwira pamtendere! Sadziwa kuti tsiku lija achimwene anga Fernando anacheuka, ndipo tinawasiya pomwepo m'chinangwa.

Sindinakangane naye pamaso pa alendo, munandilera bwino. M'mawa mwake ndinakwera pamtondo, mawondo akulira, ndi kutsitsa timabokosi take tonse tiwiri. Ndinamuikira pathebulo, ndi kumuuza kuti m'nyumba mwanga chilichonse choyankhula chiziyankhula ndikuchiona. Marita, mwana wanga, mkazi wakeyo, akuti bola ndingosuntha mpando. Ndisunthe ine, pamalo panu, chifukwa cha bokosi? Mkamwini wafufuma ngati finye, sakundipatsa moni. Asapereke, sindidya moni.

Ndimakukondani monga kale, Amayi. Ndipo ndikulonjezani: ine ndili moyo, m'nyumba muno mfuti siidzaliranso kumbuyo kwa munthu, ngakhale ya m'bokosi.

Ndine mwana wanu,
Rozina