Dzina la Achemwali Rozina pa Setifiketi Yanga

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Chilobwe chiperoni chatikuta sabata yonse, phiri la Soche silikuoneka n'komwe. Ndikulemba Lamlungu masana nditachoka ku Misa yachiwiri. Pamalo panu paja m'tchalitchi pakumakhala mayi wina woimba mokweza koma mophonya, ndipo mpaka pano sindinamuzolowere.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, akazi a Tomasi, anachira ku Bangwe, mwana wamkazi. Chipumi ndi chanu chenicheni. Ndakamuonako kawiri kokha chifukwa Tomasi mwana wanu uja amangotanganidwa, ndipo ine sindifuna kukhala mlendo wotopetsa. M'kamunda kakuseri kwa nyumba ndinakololamo thumba limodzi losadzadza, popeza mbuzi za aneba zinayamba kundithandiza kukolola chimanga chisanakhwime. M'nyumba muno ndimo mwazizira. Ndikaweruka ndimatsegula wailesi kuti mumveke mawu a munthu.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Kuntchito kwathu kosoka maovolosi, anzanga anandisankha kuti ndiziwaimira pamaso pa mabwana. Mukanaseka, inu amene munkati pakamwa pangapa padzandipalamulira. Koma ndaona kuti pakamwa pokha sipakwanira. Mtsikana wa pamakina oyandikana ndi anga anachotsedwa ntchito atangobwerako kochira. Ndinalowa mu ofesi kukamulankhulira, bwana anangotsegula buku la malamulo n'kundifunsa ndime imene iye waphwanya, ine osaidziwa. Mtsikanayo anapita, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Ndiye ndinamva kuti ku yunivesite kuli dipuloma ya za ntchito ndi antchito. Amaphunzitsa malamulo a ntchito, kakambidwe ka malipiro ndi mabwana, chitetezo cha anthu pamakina, ndi mbiri ya mabungwe a antchito. Makalasi ake ndi a kumapeto kwa sabata kuti ife apantchito tithe kupita, koma ukajomba kwambiri sakulola kulemba mayeso. Malikisi ena amachokera pa zolemba zakunyumba, ena pa mayeso, ndipo pomaliza umachita kafukufuku wako, kuyenda n'kumafunsa antchito anzako mavuto awo. Kuti akulandire amafuna setifiketi ya Fomu 4 yokhoza bwino Chingerezi, kalata ya kuntchito, kalata ya bungwe lathu la antchito, ndi chiphaso cha unzika. Zonsezi ndinali nazo. Ndinaziika mu envulopu, ndinasita diresi lanu labuluu lija, n'kupita.

Kalaliki wolandira mafomu anayang'ana mapepala anga, n'kundiyang'ana ine. Anati: "Mayi, apatu mwandibweretsera anthu awiri. Setifiketi ndi ya Rozina, ayidi ndi makalatawa ndi za Filomena. Akufuna sukulu ndi ndani?"

Amayi, mukukumbuka. Nditalemba Sitandade 8 osasankhidwa kupita kusekondale, anthu ankati obwereza kalasi sawasankha. Inu munandisamutsira kusukulu ina ku Zingwangwa n'kundilembetsa ngati mwana watsopano pa dzina la achemwali Rozina, amene anali atasiya sukulu n'kukwatiwa. Nditalira munati: "Dzina ndi chitenje chobwereka, mwananga, ukabwerako kuukwati umabweza." Sindikukudzudzulani. Makolo ambiri ankatero, ndipo ndinasankhidwadi. Koma achemwali anamwalira pobereka ine ndili Fomu 3, ndipo sabata yotsatira maliro ndinakhala m'kalasi n'kumayankha dzina lawo aphunzitsi akaitana. Izi sindinakuuzenipo. Nditamaliza sukulu ndinabwerera ku dzina langa laubatizo, pa chiphaso ndi kuntchito komwe, ndikuyesa kuti nkhani yatha.

Kalalikiyo sanali munthu woipa. Anandiuza kuti ndikalumbire kukhoti kuti Rozina wa pasetifiketi ndi Filomena ndi munthu mmodzi, ndipo ndikhale ndi mboni yondidziwa mayina onse awiri kuyambira ndili mwana, makamaka kholo. Mwezi ukatha osabweretsa kalatayo, malo apita kwa wina. Atangoti kholo, ndinatola envulopu yanga, ndinakakhala pansi pa mtengo panja n'kulira ngati maliro anu achitika dzulo.

Ndinayamba kusakasaka munthu. Tomasi anali wamng'ono nthawi imeneyo, sangalumbire zimene sakuzikumbuka. Amalume ku Nsanje anakana pa foni pomwepo: "Iwe, zakukhoti ine ayi. Ufuna andimange ndakalamba kale?" Makadi athu a ubatizo anapita ndi matope a namondwe wa Freddy, aneba akale ena anapita ndi matope omwewo, otsala anabalalika. Anzanga akusukulu amandidziwa kuti Rozina, akuntchito amandidziwa kuti Filomena. Ndinazindikira kuti mu Blantyre yense, ndi kuchuluka konse kwa anthu ake, amene ankandidziwa ndense munali inu nokha. Umasiye ndinaumva tsiku limenelo kuposa tsiku lokuikani m'manda.

Kutatsala masiku anayi ndinakumbukira Che Amidu, telala wa pakhonde ku Manje uja ankatisokera mayunifolomu. Ndinafunsafunsa mpaka ndinawapeza ku Machinjiri kwa mwana wawo, maso atafooka, makina atasiya. Nditadzitchula anayamba kuseka. Anati: "Filomena uti? Uja ndinamulembera Rozina pakolala ya yunifolomu? Amayi ako anandinong'oneza ngati tikugulitsana chamba!" Ndinaseka nawo misozi ili mbwembwembwe. M'mawa mwake anavala mkanjo woyera ndi kofia, tinakwera minibasi ziwiri, ndipo analumbira kukhoti atagwira Korani. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti munali mayi wouma mutu koma wodziwa chimene akufuna.

Ku yunivesite anandilandira, Amayi. Kalata inafika Lachisanu, ndipo ndinaiwerenga katatu ndili chilili pakhomo, wondiyankha palibe. Koma kalaliki anandichenjezeratu kuti ku yunivesite amatsata dzina la pasetifiketi. M'kaundula wa kalasi, pa mapepala a mayeso, ngakhale pa dipuloma penipenipo padzalembedwa Rozina. Akuti kusinthitsa n'kotheka, koma ndi ulendo wautali wa m'maofesi. Poyamba zinandiwawa, kuti ndidzawerenge ine, ndidzatope ine, pepala lidzatuluke la wina. Ndaganiza masiku awiriwa, ndipo ndasankha kuzisiya choncho.

Ndiye ndikutumeni. Ndikhulupirira kuti achemwali Rozina muli nawo pafupi kumeneko. Muwauze kuti ngakhale anasiyira Sitandade 6 kuti azikuthandizani kugulitsa makala ife tidye, tsopano akulowa yunivesite. Ndikulonjeza kuti sindidzajomba, sindidzabera mayeso, sindidzawachititsa manyazi. Tsiku lomaliza akadzaitana dzina lawo m'holo, ndidzaimirira ndine, ndipo ngakhale wondiimbira nthungululu asadzapezeke, inu awiri mudzaimbe kumeneko.

Ndakusowani kwambiri, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filomena